Kodi Buku la Wachinyamata Azisankha Ndani?

Pali funso lina looneka laling'ono, koma likaponyedwa pagulu limagawa anthu. Munthu wamkulu akafuna kupatsa buku mnyamata kapena mtsikana wa zaka 14, kodi azimupatsa limene mwanayo akulifuna, kapena limene wamkuluyo akuona kuti limuthandiza? Ambirife timayankha msanga kuti zonse ziwiri, ndipo tikatero timayesa nkhani yatha. Koma amene adayesapo kuika buku m'manja mwa wachinyamata amadziwa kuti kawirikawiri ziwirizi sizikhala m'chikuto chimodzi. Buku limene ife timalitama, iye amalisiya pa tsamba lachitatu. Limene iye amaliwerenga mpaka batire la tochi kutha, ife timaliyang'ana mokayikira.

Funsoli silikhudza makolo ndi aphunzitsi okha. Pali makampani osindikiza mabuku ndi mabungwe othandiza anthu amene ntchito yawo yonse yagona pa yankho lake, chifukwa iwo amasankhira achinyamata zikwizikwi nthawi imodzi. Kuti tisangokambirana zam'malere, tiyeni tione zimene zidachitika ku South Africa, kumene anthu ena adaliyankha funsoli ndi zochita.

Dziko limeneli lili ndi vuto lalikulu la kuwerenga, ndipo silibisa. Kafukufuku wa mayiko ambiri wotchedwa PIRLS adapeza mu 2016 kuti ana 78 mwa 100 alionse a Giredi 4 sankatha kuwerenga ndi kumvetsa zimene awerengazo, ngakhale m'chilankhulo chimene ankaphunziriramo. Mu 2021 chiwerengerocho chidakwera kufika pa 81. Mabungwe ambiri poona izi amathamangira kwa ana aang'ono, ndipo salakwa, pakuti m'mera mpoyamba. Nal'ibali, imene idayamba mu 2012, imalimbikitsa kufotokozera ndi kuwerengera ana nthano m'zilankhulo zawo. Book Dash, ya mu 2014, imasonkhanitsa olemba ndi ojambula odzipereka kuti apange mabuku a ana m'tsiku limodzi. Koma mwana wa Giredi 4 uja sakhala wa Giredi 4 mpaka kalekale. Pakapita zaka zisanu amakhala ali ku sekondale, mawu atayamba kukula, akadali kulimbana ndi chiganizo chilichonse ngati akukoka ngolo pamchenga, ndipo tsopano ali ndi manyazi oti sangagwire kabuku ka kalulu ndi fisi anzake akuona. Ameneyu ndiye amaiwalika. Ambiri mumtima adamuwerengera kale ngati madzi otayika.

Mayi Dorothy Dyer ankaphunzitsa Chingerezi pasukulu ina ku Cape Town yolandira ana ochokera m'makomboni a anthu osauka. Iwo adaona kuti mabuku a achinyamata amene ankapezeka ankanena za moyo wa ku America ndi ku Britain, ndipo ophunzira awo sankadzipezamo. Pamodzi ndi mlembi Ros Haden ndi anzawo ena adakhazikitsa kampani yaing'ono yosindikiza mabuku, Cover2Cover Books, nayamba mndandanda wa nkhani zochitikira pasukulu yopeka ya m'komboni yotchedwa Harmony High. Buku loyamba, Broken Promises, limanena za mtsikana wotchedwa Ntombi amene akufuna kupikisana nawo pa kuimba, koma udindo wolera mng'ono wake wamugwera chifukwa amayi ake atanganidwa ndi chibwenzi chatsopano. Mu 2011 adakhazikitsanso bungwe losachita malonda, FunDza Literacy Trust. Dzinali likuchokera ku liwu lachiXhosa lotanthauza kuwerenga kapena kuphunzira.

N'chifukwa chiyani padafunika zinthu ziwiri, kampani ndi bungwe? Chifukwa owerenga amene ankawafunawo alibe ndalama yogulira buku. Kampani imasindikiza ndi kugulitsa. Bungwe limapempha thandizo kwa akufuna kwabwino, n'kufikitsa mabukuwo m'masukulu, m'malaibulale ndi m'magulu a achinyamata. Adaonanso kuti ngakhale m'nyumba mopanda buku ndi limodzi lomwe mumapezeka foni yam'manja. Masiku amenewo achinyamata ambiri a kumeneko ankacheza pa Mxit, imene inkagwira ntchito ngakhale pa timafoni totchipa ta mabatani, choncho FunDza idayamba kutulutsa nkhani pa foni, chaputala chimodzi patsiku, chilichonse chothera pamalo poti mtima uli m'mwamba.

Tsopano apa ndi pamene ena a ife tiyambe kusuntha pampando. M'gulu la mabuku a Harmony High muli lina lotchedwa Sugar Daddy. Nkhani zambiri ndi za zibwenzi, nsanje, mimba zosayembekezera, magulu a zigawenga, anzako okudyera kuseri. Kholo lingafunse, ndipo lili ndi ufulu wofunsa: kodi ndalama za anthu achifundo ziziperekedwa kuti mwana wanga aziwerenga za madoda onyenga atsikana ndi mafoni? Ngati cholinga ndi kumanga mwana, bwanji osamupatsa mbiri ya anthu otchuka, za sayansi, kapena mabuku ophunzitsa khalidwe?

Funso la kholo limeneli tisalipeputse, chifukwa mawu akuti "tikuwapatsa zimene akufuna" paokha sayeretsa munthu. Wogulitsa mowa wa m'timabotolo pa gulosale amanena mawu omwewa. Makampani a juga za mpira pa foni amanenanso omwewa, ndipo amadziwa bwino lomwe luso lothera chinthu pamalo poti munthu abwerenso mawa. Kufuna kwa wachinyamata kungathe kukhala khomo lolowera kuti umuthandize, kungathenso kukhala chingwe chomukokera kumene iwe ukupindula. Ndiye tiyenera kupeza chimene chikusiyanitsa wopereka nkhani yokoma ndi wogulitsa chizolowezi.

Ine ndikuona kuti kusiyana kwake kuli pa zimene zimatsala mwa munthu chinthucho chikatha. Juga ikatha, mnyamata amatsala ndi njala ya juga ina basi, ndipo dziko lake lachepa. Nkhani ya masamba 150 ikatha, mtsikana amene sadamalizepo buku chibadwire amatsala ndi chinthu chimene palibe angamulande: maso ake azolowera kuyenda pamzere, mawu amene dzana ankawatchula lembo ndi lembo lero akuwazindikira pongowaona. Kuwerenga kuli ngati kupalasa njinga. Woyenda pang'onopang'ono kwambiri amagwa. Wowerenga mochedwa akamafika kumapeto kwa chiganizo amakhala ataiwala chiyambi chake, chifukwa nzeru zonse zathera pa kulumikiza malembo ndipo sipadatsale malo osungira tanthauzo. Mankhwala ake ndi amodzi, kuwerenga masamba ambirimbiri, ndipo palibe munthu adawerengapo masamba ambirimbiri chifukwa chokakamizidwa. Mungamukakamize kukhala pa desiki, mungamukakamize kutsegula buku, koma maso kuti atsike mpaka pansi pa tsamba n'kufuna kuona kuseri kwake, pamafunika chidwi cha mwini wake. Choncho kukoma kwa nkhani tisakuone ngati shuga wothira m'mankhwala owawa ponyengerera wodwala. Kwa wowerenga wofooka, kukomako ndi kumene kukugwira ntchito. Ndipo mtsikana yemweyo mawa akakumana ndi funso la mayeso a sayansi lalitali ngati ndime, kapena kalata ya kuchipatala, kapena pangano la ngongole, adzaliwerenga ndi maso omwe aja adawanola pa nkhani ya Ntombi.

Za madoda onyenga atsikana zija, tinene zoona: si buku limene limazibweretsa m'komboni. Zili kale pa geti la sukulu, m'galimoto yoima pakona ana akamaweruka. Chimene buku limabweretsa ndi mpata woti mtsikana aone njira yonseyo kuyambira pa mphatso yoyamba mpaka kumathero ake, ali pabwino, asadalipire ndi thupi lake. Akulu akale ankachita zomwezi ndi nthano za usiku, ndipo nthano zimenezo sizinali zofewa ayi. Munali kudyana, kuphana ndi mitala yansanje.

Komabe pali msampha mbali inayi umene mabungwe ambiri amagweramo, ndipo ndikufuna tikhalepo pang'ono. Wopereka ndalama akavomera kuti achinyamata amakonda nkhani, nthawi zambiri amati chabwino, tilembereni nkhani, koma muikemo uthenga wathu. Pamenepo pamabadwa timabuku timene tonse tidationapo, m'mene mtsikana wabwino amayankhula ngati chikwangwani cha kuchipatala, woipa amalangidwa pa tsamba lomaliza mosalephera, ndipo aphunzitsi amafika panthawi yake kudzafotokoza phunziro. Wachinyamata amanunkhiza zimenezi patali. Amadziwa kuti amene walemba sakumufotokozera nkhani koma akumusaka, ndipo amachita zimene nyama iliyonse yosakidwa imachita. Choipa chake n'chakuti sathawa kabuku kameneko kokha. Amayamba kuganiza kuti mabuku onse ndi anthu akuluakulu obisala m'mapepala. Sindikunena kuti nkhani isakhale ndi phunziro. Mabuku a Harmony High nawonso ali ndi mbali imene akukokera, ndipo wowerenga wamkulu amaiona. Malire ake ndi opyapyala. Koma pali kusiyana pakati pa mlembi amene amalola Ntombi kukhala munthu, wolakwitsa, wokwiya ndi amayi ake pa zifukwa zomveka, ndi mlembi amene amamugwiritsa ntchito ngati msomali wopachikapo malangizo. Woyambayo amakhulupirira kuti wowerenga ali ndi nzeru zoweruzira yekha. Wachiwiriyo, ngakhale ali ndi mtima wabwino, amamuona mwanayo ngati mtsuko wopanda kanthu.

Amene muli ndi zaka zopitirira zanga mukukumbukira Pacesetters, mabuku aang'onoang'ono amene kampani ya Macmillan idayamba kutulutsa mu 1977, olembedwa ndi anthu a mu Africa muno, ambiri a ku Nigeria. Adafika oposa 100, ndipo m'masekondale a kuno ankayenda m'manja mpaka chikuto kuthothoka. Palibe bungwe lidawagawa kuti lisinthe khalidwe la munthu; adali malonda chabe, nkhani za chikondi ndi za akuba. Aphunzitsi ena ankawalanda. Koma funsani anthu amene lero amalemba Chingerezi chosalala m'maofesi kuti adachinola kuti, mudzamva dzinali kawirikawiri kuposa la buku lililonse la silabasi.

Mpaka pano zikuoneka ngati ndikuti wachinyamata asankhe yekha, nkhani n'kutha. Koma pali munthu wina wa kwathu konkuno amene amasokoneza mbali zonse ziwiri. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu adasiya sukulu ya sekondale nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 chifukwa makolo ake adalephera fizi. Ankapita ku kalaibulale kakang'ono ka pasukulu ya pulayimale, ka mabuku ochita kupatsidwa, ndipo kumeneko adapeza buku la sukulu la ku America lotchedwa Using Energy, pachikuto pake pali makina opukusidwa ndi mphepo. Chingerezi chake chidali chochepa, ankatsatira kwambiri zithunzi, koma ali ndi zaka 14 adamanga makina ake ndi mitengo ya bulugamu, zitsulo za njinga ndi zotola kudzala, nayatsa magetsi m'nyumba ya makolo ake. Tsono taganizani. Akadabwera akatswiri kudzafunsa kuti achinyamata a ku Wimbe amakonda kuwerenga chiyani, buku limenelo silikadalowa pamndandanda. Akadakhala akuluakulu osankha zomanga khalidwe, mwina silikadalowanso, chifukwa ndi la dziko lina, la silabasi ina, m'chilankhulo chovuta. Ngakhale William mwini wake sakadalitchula, pakuti munthu sangafune chinthu chimene sadziwa kuti chilipo.

Apa ndi pamene ine ndikuona kuti funso lathu lija lili ndi mbali imene timailumpha. Timakangana ngati kuti wamkulu amadziwa chothandiza ndipo mwana amadziwa chokoma, pamene zoona zake n'zakuti onse awiri sadziwa mokwanira. Wopereka sadziwa kuti mwa ana 60 amene ali patsogolo pake ndani adzagwidwa mtima ndi ndakatulo, ndani ndi mawaya a dainamo. Mwanayo sadziwa chimene chili mwa iye mpaka chinthu china chakunja chitachigogoda. Ngati zili choncho, udindo wa wopereka suthera pa kusankha buku limodzi lolondola. Udindo wake ndi kuyala shelefu yotakata, pamene nkhani ya chikondi yaima pafupi ndi buku la magetsi, n'kusiya mwanayo ayendepo momasuka, popanda kufunsidwa mayeso pa chilichonse chimene wagwira. Nkhani yokoma ija imamupatsa miyendo, ndipo shelefu yotakata imamupatsa kopita. Kumupatsa Harmony High yokhayokha chaka ndi chaka, poganiza kuti mwana wa m'komboni sangakonde china koma za m'komboni, kungakhalenso kumupeputsa, kungoti mwaulemu.

Koma nkhani ya Kamkwamba isatipusitse kuti buku lililonse lotumizidwa ndi dalitso. Ambiri tidaonapo makatoni ofika pasukulu ndi chikondwerero, otsegula n'kupezamo mabuku ofotokoza makompyuta amene adasiya kupangidwa kalekale, malamulo a misonkho a dziko lina, ndi magawo atatu a insaikulopediya ya magawo 20. Amati kupatsa n'kuika, koma kupatsa mnzako chimene ukadataya ndi kumusandutsa dzala, kenako n'kuyembekezera kuti akuthokoze. Mabungwe amene akhalitsa pa ntchitoyi adaphunzira zimenezi. Book Aid International ya ku Britain, imene idayambitsidwa mu 1954 ndi Lady Ranfurly atakhumudwa ndi kusowa kwa mabuku ku Bahamas, idayamba ndi mabuku osonkhetsa kwa anthu. Lero imatumiza mabuku atsopano operekedwa ndi makampani osindikiza, osankhidwa potsata zimene malaibulale olandira apempha. Kufunsa kaye wolandira kumachedwetsa ntchito ndipo kumachepetsa chiwerengero chokalemba mu lipoti, koma popanda kufunsako wopereka amangodzithandiza yekha kumva bwino.

Mawu akuti lipoti atifikitsa pa chinthu chimene chimandivutitsa maganizo kuposa zonse. Buku laulere limakhala laulere kwa wolandira yekha. Pepala, inki, mkonzi, wojambula ndi mlembi, wina wake adawalipira. Pa malonda wamba, wogula ndi wowerenga amakhala munthu mmodzi, ndipo buku likakhala losakoma kampani imamva kuwawa m'thumba. Pacesetters ankayenera kukoma kuti agulidwe. Koma pamene wolipira ndi bungwe la kutali ndipo wowerenga ndi mwana wopanda khobidi, khutu la wosindikiza limatembenukira kwa wolipira, popanda ngakhale kufuna kuchita zoipa. Wolipira akafuna nkhani za kusintha kwa nyengo chaka chino, zidzalembedwa. Akafuna chiwerengero, mabuku adzawerengedwa potuluka m'nyumba yosungiramo katundu, osati potsegulidwa. Mwana amene ntchito yonseyi ikuchitikira dzina lake ndiye yekha amene alibe mphamvu yokana. Ndipo pali wina amene amavulala mwakachetechete: wosindikiza wa m'dziko momwemo. M'mayiko ambiri a mu Africa makampani a mabuku amadalira mabuku a silabasi, chifukwa ndi okhawo amene ali ndi wogula wotsimikizika. Msika wochepa wa mabuku ongowerenga posangalala ukadzazidwa ndi zaulere zochokera kunja, iwo sayerekezanso kusindikiza nkhani ya mlembi wachinyamata wa kwawo, ndipo m'badwo wotsatira umapezanso kuti mabuku onse akunena za ana a kwina. Chifundo cha lero chingathe kutseka pakamwa olemba a mawa.

Pa mfundo imeneyi ndi pamene njira ya ku Cape Town ija ikundigwira mtima. Ndalama zothandizira zidapita kukalimbitsa olemba ndi osindikiza a m'dzikomo, ndipo foni idabweza mphamvu pang'ono kwa wowerenga, chifukwa nkhani yosakoma imaoneka poyera: ana sabwerera ku chaputala chachiwiri. Koposa apo, FunDza idatsegula malo oti owerengawo azitumiza ndakatulo ndi nkhani zawo kuti zitulutsidwe anzawo aziwerenga, ndipo ena mwa iwo adaphunzitsidwa mpaka kuyamba kulemba nkhani zikuluzikulu. Wogulitsa chizolowezi safuna kuti kasitomala wake adzathe kudzipangira yekha katunduyo. Amene akuphunzitsa wowerenga kulemba akuvomera kuti tsiku lina mwanayo sadzamufunanso, mwinanso adzalemba zotsutsana naye.

Sikuti zonse zidakhala bwino. Nkhani zambiri za FunDza ndi za m'Chingerezi, pamene owerenga ake ambiri kunyumba amayankhula chiXhosa, chiZulu, chiSotho ndi zilankhulo zina. Zomasuliridwa zilipo koma n'zochepa poyerekeza. Apa funso lathu latembenuka mutu pansi. Tsopano ndi akuluakulu ophunzira amene akunena kuti mwana aziwerenga m'chilankhulo cha amayi ake, kuti ndimo mtima umamva bwino, ndipo akunena zoona. Koma wachinyamata amene akuyang'ana mayeso omaliza a sekondale ndi kalata yofunsira ntchito nthawi zambiri amafuna Chingerezi, ndipo nayenso sakulakwa, chifukwa ndi iyeyo adzakhale pamzere wa ofuna ntchito, osati katswiri wa zilankhulo. Amene tanena kuti timvere mwana pa nkhani ya chikondi ija, kodi timumveranso pano, ngakhale kusankha kwake kukutanthauza kuti chilankhulo chake chipitirira kukhala chopanda mabuku? Kapena pano tikuti wamkulu ndiye akudziwa? Ngati tisintha mbali, tiyenera kunena chifukwa chake momveka, kuti zisangokhala kuti timamvera achinyamata pokhapokha akafuna zimene ife tidafuna kale.

Ndipo taganizirani mkonzi wa bungwe lotere amene walandira nkhani yoyamba ya mtsikana wa zaka 16. Yalembedwa pa foni, m'Chingerezi chothyokathyoka chosakaniza ndi mawu a kwawo, yonena za bambo wake womupeza m'njira imene wopereka ndalama sangakonde kuiona, ndipo ikuthera popanda woipa kulangidwa. Akaikonza kwambiri, idzakhala yosalala koma sidzakhalanso ya mtsikanayo. Akaisiya momwemo, anzake adzaiwerenga ndi zolakwika zake zonse, ena n'kuzitengera. Akaikana, mwina mtsikanayo sadzalembanso. Inu mukadakhala pampando wa mkonziyo, cholembera chili m'manja, mukadayambira pa mzere uti?